Matumba Makumi Anayi Opanda Manambala

Tadala ndi Chisomo, ana anga, chaputala ichi ndachilemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti mudzachiwerenga mukung'ung'udza, mukuimbira foni mayi anu kuwafunsa mawu ena, koma nkhani imeneyi sindingainene bwino m'chinenero cha eni. Ndi ya munthu amene anandiphunzitsa ntchito ine ndikuganiza kuti ndinaidziwa kale, komanso ya mlungu umene ndinatsala pang'ono kukubwezani ku Malawi ndi manja anga omwewa.

Chaka choyamba, ku kampu

Ndinafika ku Perth ndili ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, nditagwira kale ntchito ya miyala ku Zomba kwa nthawi yaitali. Inandilemba ndi kampani ina yaing'ono yofufuza golide, ndipo viza yathu tonse anayi inali yomangirira pa kampani imeneyo. Ntchito ikanatha ine osapeza ina msanga, tonse tikanakwera ndege. Inu munali ang'ono, simunkadziwa zimenezi. Munkangodziwa kuti adadi amasowa milungu iwiri, kenaka amabwera ku nyumba yathu ya lendi ku Rockingham mlungu umodzi, nsapato zili psuu ndi fumbi.

Ntchito yake inali yosavuta kuifotokoza. Makina amaboola pansi, ndipo mita iliyonse amalavula miyala yophwanyika ngati mphale. Ine ndinkathira gawo lake m'kathumba ka nsalu kokhala ndi nambala, n'kulemba nambalayo m'buku pamodzi ndi dzina la chibowo ndi kuya kwake. Matumbawo ankapita ku labu ku Perth. Anthu a ku labu saona chibowo, amaona nambala yokha, ndiye nambala ikanama, kampani yonse imanama nayo.

Woyang'anira gulu lathu anali a Eliseo, ochokera ku Chile, amene aliyense ankawatchula kuti Don Eliseo. Anandiuza kuti Don ameneyo ndi ulemu chabe, ngati mmene ife timanenera kuti bambo uje. Anali aafupi, ojintcha, a ndevu zotuwa, ndipo anakulira m'migodi ya kopa ya kwawo. Ankayenda pang'onopang'ono moti poyamba ndinkati ndi aulesi. Zinanditengera miyezi kuti ndizindikire kuti pa gulu lonse, iwo okha ndi amene sankabwereza ntchito kawiri.

Tinadziwana mochititsa manyazi. Tsiku loyamba ndege itatera pa kabwalo ka dothi, basi ya kampu inabwera, ndipo ine thupi linangokumbukira depoti ya ku Lilongwe. Ndinakanikiza chikwama pachifuwa, chigongono patsogolo, n'kudzipanikiza pakhomo mpaka kulowa woyamba. Nditakhala pansi ndikupuma wefuwefu, ndinaona anzanga akulowa mmodzimmodzi, akupatsana mpata, ndipo basi inanyamuka mipando yambiri ilibe munthu. A Eliseo anabwera kudzakhala pambali panga akuseka mpaka misozi. Anati kwawonso ankakwera basi chimodzimodzi, ndipo anangondiona anadziwa kuti apeza mbale wawo.

Patapita milungu ingapo ndinapalamulanso. Ndinaiwala buku langa pamwamba pa mulu wa miyala, ndipo m'malo mozungulira njira yovomerezeka, ndinakwera pomwepo ndi manja ndi mawondo, miyala ikugumuka m'mbuyo mwangamo. Mayi woona za chitetezo anandiona n'kundilembera lipoti. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mawu a Chingelezi amene analemba, akuti scramble, ndi omwewo amene anzanga ankandiseka nawo pa nkhani ya basi ija, ndiponso omwewo analembedwa pa bolodi la kukhitchini ponena za mazira okazinga movundula. Ndinakadandaula kwa a Eliseo Lamlungu m'mawa tikudya. Iwo anati Chingelezi chinaumira mawu, kwawo zinthu zitatuzo amazipatsa maina ake. Kukwera ndi manja ndi miyendo amati trepar. Kulimbirana chinthu amati pelearse. Kuvundula n'kusakaniza amati revolver, ndipo mazira aja amati revueltos. Anandinenetsa mawuwo kangapo mpaka lilime langa linagonja, ine n'kuwabwezera ndi kukwawa, kulimbirana ndi kuvundula, zimene anazitchula moipa kuposa ine.

Kenaka anasiya kuseka n'kundiuza kuti, "Wyson, ziwiri zoyambazo ndingakukhululukire tsiku lililonse. Ukagwa wagwa wekha, ukalimbirana mpando tikuseka basi. Koma matumba anga usadzawasakanize. Ndege ichoke, mvula igwe, iwe lemba nambala kaye."

Ndinayankha kuti chabwino bwana, monga tinazolowera kuyankhira, koma mumtima ndinali wokhumudwa. Ndinkati munthu wa zaka zanga, amene ndinaphunzitsapo anthu ntchito ku Zomba, sangauzidwe za kulemba nambala.

Chaka chachitatu, mwezi wa Febuluwale

Pofika chaka chachitatu tinali mabwenzi. Ankandipatsa tiyi wa m'fulasiki yawo, ankafunsa za inu ndi maina anu, ndipo mayi anu atadwala anandisinthira masiku popanda kundifunsa mafunso ambiri. Sindinawamvepo akukalipira munthu pagulu. Wolakwa ankamutengera kuseri kwa galimoto, ndipo munthuyo ankabwerako ali wofatsa koma mutu uli m'mwamba. Nthawi imeneyo n'kuti titapempha chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale, ndipo chimene chinatsala chinali kalata ya kampani yotsimikiza kuti ndine wantchito wawo wodalirika. Anati atipatsa kumapeto kwa Malichi.

Febuluwale ameneyo zinthu zinkasowa pa kampu. Lole yobweretsa katundu inatsekeredwa ndi madzi kutali, ndipo matumba osindikizidwa manambala anatha. Lamulo la kampani linkati zikatero kuboola kuime. Koma makina aja anali ochita kubwereka, ndipo mabwana a m'tauni ankaimba foni tsiku lililonse kufunsa mamita. A Eliseo analola kuti tigwiritse ntchito matumba opanda kanthu, tizilemba manambala ndi peni. Anatichenjeza kuti thumba lisachoke pamzere lisanalembedwe.

Lachisanu, tsiku langa lobwerera kunyumba, peni yanga yomaliza inauma ndi kutentha. Ndinaganiza kuti palibe vuto, ndingoyala matumba pansi m'mizere yake, a chibowo choyamba kumanzere, a chachiwiri kumanja, ndidzalembe akabweretsa peni ina masana. Masana asanakwane kumpoto kunada bii. Pa wailesi ya m'galimoto analengeza kuti ndege inyamuka msanga kuthawa mvula, ndipo bwalo likanyowa palibenso ndege mpaka mlungu wamawa. Iwe Tadala unkayamba sekondale Lolemba, ndipo ndinali nditakulonjeza kuti ndikakuperekeza mpaka pageti. Madontho oyamba atayamba kugwa, ndinayamba kuponya matumba m'galimoto, awiriawiri, atatuatatu, osayang'ana kumanzere kapena kumanja. Anali makumi anayi. Ndikufika ku shedi yosungiramo matumba anali atagubuduzika n'kukhala mulu umodzi.

Apa ndi pamene ndinachita choipa chenicheni. Kusakaniza kuja kunali ngozi ya phuma, koma chotsatira ndinachichita ndi maso awiri. Ndinapeza peni mu shedimo, ndinatsegula thumba lililonse, n'kumayang'ana mtundu wa miyala, n'kumalemba nambala imene ndinkaona kuti ikuyenera. Ofiira ndinkati ndi a pamwamba, otuwa ndi a pansi. Ndinadziuza kuti ndimaidziwa miyala, komanso kuti zibowo ziwirizo mwina zilibe kanthu ngati zinzake zonse za mwezi umenewo. Ndege ndinaipeza. Lolemba ndinakuperekeza, unandiuza kuti ndiime kaye patali ndi geti anzako angandione, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikuseka ndekha.

Mlungu womwewo, ku Rockingham ndi ku Fremantle

Lachinayi mnzanga wina wa ku ofesi anandiimbira mosangalala. Zotsatira za ku labu zinali zitatuluka, ndipo chibowo choyamba chinaonetsa golide wabwino chapansi, woyamba kupezeka m'dera lonselo. Mabwana anali atayamba kale kukonza zosamutsira makina onse kumbali imeneyo. Ndinamuyamikira, ndinadula foni, n'kukhala pansi pakhonde. Golideyo analipo ndithu, koma ndinalibe njira yodziwira ngati anachokera ku chibowo choyamba kapena chachiwiri, ndipo zibowozo zinali motalikirana kwambiri.

Mayi anu atabwera kuchokera ku nyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito, anandipeza pomwepo. Ndinawauza zonse. Sanakuwe, anangovula nsapato n'kukhala pa sitepe. Anandifunsa ngati pali wina amene anaona, ndinati palibe. Anandifunsa ngati kalata ija ingabwere nkhaniyi isanadziwike, ndinati mwina ingabwere. Inu munali m'nyumba mukukangana za rimoti.

"Bambo a Tadala," anatero pomaliza, "ine sindikuuzani chochita, chifukwa mukanena tikhoza kupakira, ndipo ine kupakira sindikufuna. Koma ndimakudziwani. Mukangokhala chete, kalatayo ibwera, koma m'nyumba muno tidzakhala ndi munthu wina, osati inu. Mlandu suola."

Ndikuuzeni zoona, ndinawakwiyira tsiku limenelo. Ndinkafuna andiuze kuti ndiganizire ana. M'mawa mwake ndinakwera basi kupita ku Fremantle, kumene a Eliseo ankakhala, poti nawonso anali pa mlungu wawo wopuma. Ndinawapeza akuthirira tomato kuseri kwa nyumba. Akazi awo, mayi Marta, anatipatsa khofi n'kutisiya. Ndinafotokoza kuyambira pa peni youma mpaka pa manambala ongopeka, osasiya kalikonse, maso ali pansi.

Ndinkayembekeza kuti andikumbutsa zimene anandiuza chaka choyamba chija. Sanazitchule n'komwe. Anandifunsa kuti matumba anali angati, a mamita ati, ndiponso ngati buku ndinalisunga. Atamaliza anapukuta manja pa thalauza n'kunena kuti aimba foni pompano kuti makina asasamutsidwe, ndipo Lolemba tipitira limodzi ku ofesi. Ndinawafunsa ngati andichotsa ntchito. Anati sakudziwa, ndipo sandinamiza kuti mtima wanga ukhale pansi. Anangowonjezera kuti ndivale malaya abwino ndipo ndidye kaye ndisananyamuke.

Lolemba, ku ofesi ya m'tauni

Tinakumana pa siteshoni ya sitima m'tauni n'kuyenda wapansi kupita ku ofesi, iwo pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, ine mtima uli m'mwamba. Bwana wamkulu wa zofufuza anali munthu wachichepere kwa ife tonse awiri, wosaipa mtima, koma tsiku limenelo nkhope inali itafiira. Anali atauza kale eni kampani za golide uja. Ndinabwerezanso nkhani yanga. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka ananena mosapsatira kuti kusakaniza matumba angakumvetse, koma kulemba manambala abodza n'kuwatumiza ku labu ndi mlandu wochotsera munthu ntchito tsiku lomwelo.

Apa a Eliseo anapempha kulankhula. Sananame ngakhale pang'ono, ndipo ichi ndi chimene ndimawalemekezera mpaka lero. Sananene kuti ine sindinalakwe. Anati zimene Wyson anachita mu shedi ndi zoipa ndipo alandire chilango chake. Koma anakumbutsa bwanayo kuti lamulo linkati matumba a manambala akatha kuboola kuime, ndipo amene analola kuti kupitirire ndi iwo, popanda kufunsa aliyense.

"Munthu uyu wabwera yekha pamene palibe amene akanamugwira," anatero. "Ali ndi ana awiri ndi viza imene ili m'manja mwanu, ndipo wabwerabe. Mukamuchotsa, pa kampu ija palibenso amene adzakuuzeni zoona. Ngati eni kampani akufuna dzina la munthu, apatseni la amene anayamba kuswa lamulo. Ndasaina kale, nali pepala."

Anatulutsa pepala m'thumba la jekete n'kuliika patebulo. Anali atalilemba kunyumba osandiuza. Ine ndinangokhala duu. Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinakhala chete chifukwa kwathu akuluakulu akamalankhula suwadula pakamwa. Limenelo ndi bodza lina, ana anga, ndipo ndilithetse pano. Ndinakhala chete chifukwa ndinaona kuti khomo latseguka, ndipo ndinaopa kuti ndikatsegula pakamwa litsekeka.

Ndinapatsidwa kalata ya chenjezo lomaliza, ndipo miyezi isanu ndi umodzi thumba lililonse langa linkaonedwa ndi munthu wina. Zibowo ziwiri zija anaziboolanso pambali pake, ndipo golide anapezeka ku chachiwiri, osati ku choyamba kumene manambala anga ankaloza. Kalata yathu ya chilolezo inachedwa, koma inabwera. Kontirakiti ya a Eliseo itatha pakati pa chaka, sanawapatsenso ina. Palibe amene ananena chifukwa chake, ndipo panalibe amene ankafunika kuuzidwa.

Zaka zotsatira

Anali atapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo pa msinkhu umenewo makampani samuthamangira munthu. Anapeza ntchito ku Kwinana, mu shedi ina yoyezera miyala yobwera pa sitima, ntchito ya munthu wongoyamba kumene. Ndinkapita kukawaona apo ndi apo. Nthawi iliyonse ndikayamba kupepesa ankandidula, n'kundifunsa mawu a Chichewa a chinthu chilichonse chimene chili pafupi, supuni, zenera, mphaka, mpaka nkhaniyo ithe. Anandiuza kamodzi kokha kuti pepala lija sanalembere ine ndekha, analembera zimene zinali zoona, ndipo ndisadzione ngati ndine wofunika kwambiri. Tinaseka.

Ine ndinagwirabe pa kampani ija, ndipo pambuyo pake ndinakhala woyang'anira gulu lomwe lija. Kawiri konse ndinaimitsa makina chifukwa cha matumba, mabwana akufuula pa foni, ndipo sindinagwedezeke. Anthu ankandinena kuti a Kamwendo ndi ouma mutu. Sankadziwa kuti kuuma mutu kumeneko n'kobwereka. Maulendo anga a ku Fremantle anayamba kuchepa, ntchito ndi sukulu zanu zikundipatsa chonamizira, mpaka chaka chinkatha osapitako.

Chaka chimene ndinapuma ntchito

A Eliseo anamwalira miyezi ingapo ndisanapume ntchito. Ine ndi mayi anu tinapita ku nyumba ya maliro mwa chikhalidwe chathu, osadikira kuitanidwa. Mayi anu anamanga chitenje, tinanyamula shuga ndi buledi, n'kukakhala pansi pafupi ndi mayi Marta tsiku lonse, osalankhula zambiri. Abale awo anadabwa nafe poyamba, kenaka anatizolowera.

Chakumasana anthu atachepa, mayi Marta anandifunsa funso limene sindinaliyembekeze. Anati amuna awo ankaikonda kampu ija kuposa nyumba, ndipo sanamvetse chifukwa chake anaisiya n'kukagwira ntchito ya mu shedi. Iwo anangouzidwa kuti mawondo atopa. Koma munthu wa mawondo otopa, anatero, sakwera pamwamba pa denga kukakonza malata ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri. Anandifunsa ngati ine, amene ndinali nawo kumeneko, ndikudziwapo kanthu.

Mayi anu anandiyang'ana. Ndinafotokoza zonse kachinayi m'moyo wanga, ndipo ulendo uno unali wovuta kuposa maulendo atatu aja. Ndinawauza za peni, za manambala, za pepala la m'jekete, ndi za kukhala chete kwanga. Ndinawauzanso kuti zaka zonse zimene amuna awo ankadzuka m'mamawa kupita ku Kwinana, banja langa linkagona m'nyumba yakeyake.

Mayi Marta anayamba kusisita mphete ya pachala. Ndinali wokonzeka kuti atiuze tituluke, ndipo akanatero sindikanawaimba mlandu.

"Ana amenewo ali kuti tsopano?" anafunsa.

Ndinati wamkulu ndi namwino ku chipatala cha m'tauni, wamng'ono akumaliza maphunziro a zomangamanga.

"Mubwere nawo," anatero. "Ndikufuna ndiwaone."

N'chifukwa chake Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi ndinakutengani kupita ku Fremantle kwa mayi achikulire amene simunkawadziwa. Iwe Chisomo unadandaula njira yonse kuti unali ndi mpira, iwe Tadala unali utatopa ndi ntchito. Mukukumbukira kuti sanakufunseni chilichonse. Anakugwirani nkhope ndi manja awiri, mmodzi kenaka mnzake, n'kukuyang'anani nthawi yaitali mpaka munachita manyazi. M'galimoto pobwerera munandifunsa kuti agogo amenewa ankayang'ana chiyani, ndipo ine ndinangokweza wailesi. Ankayang'ana chimene amuna awo anasiyira ntchito.